Mkazi amene ananenepa kuti anthu asiye kumunena

Panali mayi wina ku Area 15, dzina lake Esnati, amene ankagwira ntchito ku Capital Hill. Omudziwa akuti nkhaniyi ndi yoona.

Atakwatiwa ndi Gladson, zaka zinadutsa popanda mwana. Msambo unkabwera mwezi uno n'kusowa miyezi ingapo, pachibwano pakumera tindevu, thupi likungokula. Kuchipatala china ku Old Town dokotala anamuuza kuti ali ndi vuto lotchedwa PCOS, limene limasokoneza mahomoni ndi kakhwimidwe ka mazira a mayi.

"Vutoli silitheratu, mayi, koma limagonja," anatero dokotala. "Mankhwala ndikupatsani. Inunso muchepetse shuga, zoziziritsa kukhosi ndi tchipisi. Muzidya mgaiwa, nyemba ndi masamba, ndipo muziyendako wapansi. Mwana sindingakulonjezeni, koma thupi likatsikako mwayi umakula."

Esnati ndi mwamuna wake anagwirizana kuti asauze munthu. Masana anzake akamapita pachiwaya, iye ankatsegula kontena yake ya chakudya chochokera kunyumba. Poweruka ankatsika basi ya kuntchito isanafike kwawo n'kumaliza wapansi. Masiketi anayamba kukhwepa, ndipo msambo unayamba kubwera mwezi ndi mwezi, koyamba chikwatiwireni.

Kenako anthu anayamba kuyankhula.

"Asisi, koma muli bwinobwino? Mwathatu," anatero mnzake wa mu ofesi.

Kutchalitchi mayi wina anamukokera pambali. "Osachita manyazi, mwana wanga. Mankhwala aja masiku ano tikumwa ambiri."

Apongozi ake, mayi Chikaonda, ankakhala ku Area 4. Iwowa anayikapo m'manda mwana wawo wamkazi, Sophie, zaka zija mankhwala otalikitsa moyo asanafale, ndipo matenda ake anayamba ndi kuonda. Atamuona Esnati, anakhala pansi osalandira ndi madzi omwe.

"Gladson, mwana wa eni akeyu ukumutani? Akwawo akamuona adzati chiyani?"

"Amayi, akungosamala zakudya basi."

"Sophie nayenso ankati akusamala zakudya."

Sabata yomweyo apongoziwo anasamukira ku Area 15 kuti azimuphikira okha. M'mawa mandasi ndi tiyi wamkaka wothira shuga wambiri, madzulo nyama yokazinga, thobwa osatha m'nyumba. "Idyani. Mimba simakhala pa mafupa," ankatero, atakhala pomwepo mpaka mbale iyere.

Esnati ankadziwa kuti akubwerera m'mbuyo. Koma kukana chakudyacho kunafuna kuti afotokoze chifukwa, ndipo kufotokoza kunali kuvomera pamaso pa apongozi kuti vuto la mwana lili mwa iye. Gladson anati, "Ingodya, akapita tiyambiranso." Apongozi sanapite. Kuyenda kuja kunatha, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala litakwana Esnati sanapite, pochita manyazi ndi sikelo.

Thupi linabwerera, linaposanso kale. Amene ankamunena anayamba kumuyamikira: "Eya, uyu ndiye mayi wapabanja." Msambo unasowanso. Apongozi ataona mimba ikukula anagula zitenje zatsopano zodzaberekera mwana n'kuzibisa m'chikwama. Ngakhale Esnati mwiniwake anayamba kuyembekezera mumtima, koma ankaopa kuyezetsa.

Ludzu linayamba kumuvuta, kutopa kosatha, maso kuchita chidima. Tsiku lina anagwa mu ofesi. Kuchipatala kuja anamupeza kuti alibe mimba, koma ali ndi matenda a shuga, ndipo shugayo anali atakwera kwambiri. Dokotala uja anafotokoza zonse, apongozi ali pomwepo. Ananenanso kuti amayi a PCOS shuga amawapeza msanga, mwina akanabwerabe tsiku lina, koma zakudya zija zinamufulumizitsa.

Dokotala atatuluka, mayi Chikaonda anatembenukira kwa Esnati.

"Mwana wanga, bwanji simunandiuze?"

"Ndinkaopa kuti mudzati ndine chumba, amayi."

"Kwa ine chachikulu sichinali mdzukulu. Ndinkaopa kuyikanso maliro."

Lero Esnati amamwa mankhwala a shuga tsiku lililonse. Mwana sanabwerebe, ndipo madokotala akuti ayambe wagonjetsa shugayo. Mgaiwa wa m'nyumbamo amakagayitsa ndi mayi Chikaonda. Zitenje zija zidakali m'chikwama.

Phunziro: Si kuonda konse kumene kuli matenda, ndipo si kunenepa konse kumene kuli mtendere wa m'banja. Zakudya pazokha sizichiza PCOS, ndipo amene ali nayo sanalakwe chilichonse, koma malangizo a kuchipatala musawasiye chifukwa cha pakamwa pa anthu. Amene amakuphikirani muuzeni zoona, chifukwa wokukondani amene sakudziwa vuto lanu akhoza kukuvulazani ndi chikondi chomwecho. Tumizani nkhaniyi kwa achemwali, azilamu ndi apongozi, asanafunse mayi wina kuti wathera chiyani.