Chala cha Nangondo

Chibwerere lamulo latsopano, mankhwala a mphamvu za abambo satuluka mu famase ya m'mudzi popanda chala cha mkazi woyamba. N'chifukwa chake a Likongwe, amene anasiya Nangondo zaka zisanu zapitazo n'kukakwatira kamtsikana ka kutsidya, analawirira pakhomo pake chipewa chili m'manja.

Nangondo sanakane. Anasamba mosathamanga, anavala chitenje chake chatsopano, n'kuwatsogoza njira yodutsa pakati pa msika.

Mayi Kaliwo a ku famase atawayeza magazi anatsitsa mawu. "Bambo, vuto lanu ndi shuga, ndipo sanayambe lero. Tikamugwira bwino, zinazo zibwerera. Musachite manyazi."

"Sanayambe lero?" anafunsa Nangondo. Anakumbukira tsiku lija bambowa anauza ankhoswe kuti mkaziyu ndi wozizira ngati mtsuko, mudzi wonse n'kumuseka mpaka kudambwe.

"Papita zaka ndithu, mayi," anayankha Mayi Kaliwo.

Nangondo anadinda chala pagalasi. Makina analira, kabotolo ka mankhwala a mphamvu aja n'kugwera m'dzanja lake, pakuti lamulo limati wodinda ndiye wosunga. Mankhwala a shuga amene Mayi Kaliwo anapereka, Nangondo anawapatsira a Likongwe pomwepo. "Awa imwani, sindikufuna maliro." Koma kabotolo kaja anakamanga pamfundo ya chitenje, nakoka ndi mano.

"Nanga awo, make Tadala?" ananong'ona a Likongwe.

"Awa mudzalandirira pamaso pa ankhoswe omwe aja. Mudzayambe mwawauza amene anali wozizira m'nyumba muja."