Mpiringidzo wa m'Galaja ya aMarko

Khoma lotseka khomo la galaja linali litafika m'chiuno pamene aMarko anabwera ndi chingwe chomangidwa mfundo ziwiri.

"Che Sulemani, m'litali mulekeze pa mfundo iyi, m'lifupi pa iyi. Musapitirire ngakhale chala."

Mmisiriyo anatambasula chingwecho pansi. Galaja ya nyumba yakaleyi, imene azungu a mishoni anasiya ku Malindi, inali yokwana banja lathunthu. Koma muyeso wa aMarko unkangosiya malo a munthu mmodzi wogona chotambalala.

"Nanga zenera, aPhunzitsi?"

"Laling'ono, pamwamba penipeni. Muikemo zitsulo."

Sulemani anali mlendo wochokera ku tauni ya Mangochi, komabe ankadziwa kuti aMarko, atapuma uphunzitsi, anakhala mlembi wa nthambi ya chipani. Masiku amenewo munthu wanzeru sankafunsa funso lachiwiri kwa mlembi wa chipani. Anangoweramitsa mutu nayamba kuponda matope.

Koma maso salamulika. Anaona galimoto imene anaikankhira kunja, matayala ataphwa, udzu utamera pansi pake, ndipo palibe ankatchula mwini wake. Anaona mayi Maud, akazi a aMarko, akunyamula mbale yovundikira kupita ku chipinda chakumapeto, chimene makatani ake sankatsegulidwa. Tsiku lina masana chitseko chinamenyetseka ndi mphepo ya kunyanja, ndipo m'chipindamo munamveka kukuwa kwa munthu wamwamuna, kukuwa kwa wopempha kuti amuleke.

Mayi Maud anatuluka, nayang'ana mmisiriyo m'maso.

"Simunamve kanthu, bambo."

"Makutu anga anagontha ndi nyundo, mayi."

Kuyambira pamenepo njerwa iliyonse inkamulemera. Mlamu wake anatengedwa pa Landirova ya apolisi kalekale chifukwa cha mawu amodzi amene analankhula pogulitsa chambo, ndipo Ajira, mkazi wa Sulemani, anali akumulirabe chamumtima. Kodi tsopano manja ake omwewa, amene amasamba asanapemphere, amange khola la mwana wa munthu wina? Kukana ntchito kukanakhala kudzilembetsa yekha kundende. Kuimaliza kunali tchimo.

Munthu wamantha salimbana ndi choipa poyera. Amachiboola kunsi ngati chiswe. Poika zitsulo za zenera, Sulemani anachulukitsa mchenga, simenti nkungowazamo. Wotsekeredwa akadzagwedeza ndi mphamvu, zidzazuka. Anadziyesa wolungama, monga amadziyesera aliyense woweruza nyumba ya eni ali pabwalo.

Chipinda chitauma, aMarko analowetsamo mphasa, bulangete limodzi ndi ndowa. Bedi analikana. Kenaka anapatsa Sulemani mpiringidzo wachitsulo, waukulu ngati wa nyumba yosungiramo katundu.

Iye anauyeza kunja kwa chitseko, naika chizindikiro cha msomali woyamba. Apo mpamene anamva mapazi okwekwereza m'khonde.

Mayi Maud ankatsogolera mwamuna wowonda, wometedwa mpala, wamaso ofiira ngati a munthu amene tulo tinamuthawa kalekale. Ankayenda chokhudza khoma. Pafupi ndi galimoto ija anaima pang'ono, naisisita pagalasi, kenaka anapitirira. Atafika pakhomo la chipinda chatsopanocho sanadikire kukankhidwa. Analowa yekha, nagwira khoma ili ndi ilo, nayang'ana kazenera kaja, nagona pamphasa atapinda maondo.

Sulemani anagwetsa nyundo.

"APhunzitsi, ndine mmisiri wa nyumba. Zotsekera anthu sindinaphunzire. Chimene mundichite, ndichiteni."

AMarko sanakwiye. Anakweza chala pakamwa, pakuti m'katimo mpweya wa munthuyo unali utayamba kale kutsika mwa tulo. Anatenga mpiringidzo m'manja mwa mmisiriyo, nalankhula monong'ona.

"Uyu ndi Basil, mwana wanga. Anamutulutsa m'ndende mwezi watha, koma m'chipinda chachikulu sagona. Muyeso uja anamanga yekha, ndi wa chipinda chake cha kundende. Mpiringidzowu mukhomere m'kati, Che Sulemani, kuti wotseka ndi wotsegula akhale iye mwini."