Jekete Lobiriwira la Mayi a Shamila

Panali munthu wina ku Naperi, mayi wachitsikana dzina lake Shamila. Mayi ake atamwalira, pogawana zovala abale anamupatsa jekete lobiriwira lomwe malemuwo ankavala pa Idi pokha. Mayiwo ankakonda kunena kuti amuna awo, dalaivala wa mathiraki, anawagulira ku Joni kalekale, m'sitolo ya zovala zapamwamba za ku Ulaya.

Shamila anali ndi mnzake wapamtima, Jacqueline, wogulitsa kaunjika wosankha ku Limbe. Ameneyu ankadzitama kuti akangoona lebulo ya pakhosi, wadziwa kale amene anasoka chovalacho ndi zaka zake.

Shamila atanena kuti akamuonetsa Jacqueline jeketelo kuti adziwe ngati ndi lenileni, mkulu wake Hajira anamuchenjeza. "Iwe, chovala cha mayi sichiyenda m'misika. Ukafuna kudziwa, jambula lebuloyo ufunse anthu angapo."

Koma Shamila ndi womva ngati? M'mawa mwake anali kale m'minibasi ya ku Limbe.

Jacqueline analitembenuza jeketelo n'kuseka. "Pepa mwali, ichi n'chabodza. Taona, mulibe kansalu kouza kachapidwe. Zipi yachitsulo, lebulo yosoka pamanja. Ameneyu ndi telala wa pakhonde pompano. Ukavala pagulu akuseka. Lisiye, ndikapatsa mlonda wathu."

Shamila analisiya, manyazi atamugwira. Atafika kunyumba anauza abale onse kuti mayi ankawanamiza zaka zonsezi. Hajira analira, n'kusiya kumulankhula.

Patapita miyezi, Shamila anapita ku ukwati m'tauni. Anaona mayi wina wachilendo atavala jekete lomwe lija. Analizindikira ndi kamalo kopserera ndi simbi pamkono.

"Mwatchenatu mayi. Munalipeza kuti?"

"Kwa Jacqueline wa ku Limbe. Linandidula, koma ndi lenileni. Anandionetsa yekha kuti zovala zapamwamba zakale zinalibe kansalu ka kachapidwe, zipi inkakhala yachitsulo, lebulo ankasoka pamanja. Akuti analipeza m'belo la ku Italy."

Shamila anatuluka panja n'kumuimbira foni mnzake uja.

"Jacque, iwe? Chovala cha mayi anga?"

"Unandisiyira wekha. Ndinakulanda ine? Imeneyi ndi geni, mwali." Foni n'kudula. Anthu ena mtima alibe ndithu!

Mayi wachilendo uja anakana kulibweza, ndipo palibe akanamukakamiza poti anachita kugula. Shamila anapita kwa Hajira misozi ili mbwembwembwe kukapepesa.

Hajira anamuyankha. "Ine ndakukhululukira, mng'ono wanga. Koma amene unawatcha abodza pamaso pa abale si ine. Ukawapepesa kuti?"

Phunziro: Musalole munthu amene angapindule ndi chinthu chanu akhale yekha wokuuzani kuti n'chachabechabe, ngakhale akhale mnzanu wodya naye mbale imodzi. Funsani kwa anthu angapo, ndipo musathamangire kunyoza mawu a makolo anu. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, asadzalire ngati Shamila.