Nungu Akaniza Njovu Mtengo wa Mfula

Padangokhalatu, anthuni, chaka china chachilala, Nungu ndi Njovu ankapulumukira makungwa a mfula, aliyense ndi mtengo wake.

Nungu ankasenda mbali imodzi yokha, akatero n'kumata dothi pabalapo kuti papole. Ankagona osakhuta, ana ake akudandaula.

"Achimwene, mtengo mukuulera ngati khanda?" anaseka Njovu. "Idyani, za mawa n'zamawa!" Iye anasenda wake kuzungulira, psiti, mimba n'kuti nga.

Posakhalitsa mtengo wa Njovu unauma gwa. Uyo watulukira kwa Nungu, chitamba chili m'mwamba.

"Tapatukani apo, ndilaweko."

Nungu anaona kukula kwa mapazi a Njovu. Koma mtengowu ukauma, ana ake kuuna kuja adzadya chiyani? Anatembenuka, naimika minga yonse patsinde pomwepo.

"Kulawa mulawa, akuluakulu, koma pomwe ndikulozereni ine. Apo ayi, muyambe mwandiponda, tione ngati phazi limenelo likakufikitseni kwanu."

Njovu anayang'ana mingayo nthawi yaitali, m'mimba mukulira. Kenako anatsitsa chitamba pang'onopang'ono.

"Chabwino, achimwene. Tandilozerani."

Yangayi yathera pomwepa.