Dishi ya a Lazarus

Fackson anamasula kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi, kaja amati LNB, n'kukaponya m'chikwama msanga ngati akubisa chakuba. Kanali kadzimbiri. Anali atakatola kwa kasitomala wina ku Kapata, m'tauni, katatha kale ntchito, n'kudzakamangirira kuno ku Kasenengwa, kwa atate ake omubala, a Lazarus. Anawauza kuti n'katsopano.

A Lazarus ankakhala okha chimwalirire akazi awo. Miyendo inali itakana ulendo wa kutchalitchi, choncho Misa ankaonera pa TV ya sola. Chiyambire dzinja ankaimbira mwana wawo foni, ndipo dandaulo linali limodzi: "Chithunzi chachita nkhungu, mwanawe. Ansembe sindikuwaona bwino."

Fackson ankayankha ali pa madenga a anthu ena m'tauni. Poyamba anati ndi mitambo, siginolo imafooka mvula ikamagwa. Mvula itatha anati mwina a kampani asintha frikwensi. Kenako anatchula simbo reti, tsiku lina polarizeshoni. Mawu amenewa ankawasankha dala, podziwa kuti munthu satsutsa chimene sakuchimva. Mkuluyo ankangoti, "Chabwino, wodziwa ndiwe," n'kudula foni. Koma wolakwa weniweni Fackson ankamudziwa: kachipangizo kadzimbiri kaja, ndi iye mwini amene anakamangirira.

Lero chikumbumtima chinamukweza basi yopita kwa atate ake. Anabwera ndi LNB ya m'katoni, kebulo yatsopano ndi mita yake yoyezera siginolo. Anamanga zonse mosamala kuposa mmene amachitira kwa mabwana. Kenako anapotoza dishi pang'onopang'ono mpaka mita inalira mosadukiza.

M'nyumba, mizere iwiri ya pa dekoda, wa mphamvu ya siginolo ndi wa ubwino wake, inali yodzaza mpaka kumapeto. Chithunzi chinabwera chowala: amayi a kwaya akuvina, maluwa a pa zitenje zawo akuoneka limodzilimodzi. Fackson anapumira m'mwamba. Zopepesa anaganiza zozisiya, poti ntchito inali itapepesa yokha.

"Atate, onani tsopano."

A Lazarus anakoka mpando mpaka mawondo anagunda tebulo. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Mawu okha ndiye akumveka bwino," anatero mofatsa, ngati akuopa kumukhumudwitsa. "Ukaipotozenso pang'ono, mwanawe. Nkhungu ija ikadalipo."

Fackson anayang'ananso TV, rimoti ili m'manja. Chithunzi cha dijito sichichita nkhungu. Siginolo ikafooka chimaduka timabokosi, chimaima, kapena chimazimiratu. Iye mwini ankawauza makasitomala zimenezi tsiku ndi tsiku.

Anatsegula zenera, n'kugwada patsogolo pa atate ake, kuwayang'ana kumaso koyamba chifikire. Maso onse awiri anali atayera ndi ng'ala.