Tepi Yakuda pa Kanyali Kofiira

Panali munthu wina, dzina ndisunga, mwina ndi amalume anu. Anzake ankangomuti Phuma, poti ngakhale tiyi ankamwa ali chilili, mwendo wina uli kale panja.

Phuma anagula pikapu ya dizilo yakale, yoti anthu atatu anali atatopa nayo. Sabata isanathe anaiveka matayala ngati a thirakitala. Anachotsa sayilensa kuti ikamadutsa agalu onse azidziwa. Kenako wowotcherera anamuikira chichitsulo kutsogolo, chophimba mphuno yonse ya galimoto.

Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, anali makaniko. Anaizungulira kawiri, n'kugogoda chichitsulo chija.

"Alamu, mwaitseka mphuno. Mphepo yoziziritsa injini ilowera pati?"

"Ilowera pomwe ikufuna. Siyokongola?"

"Kukongola yakongola. Koma matayalawa akuilemera, ndiye mwaimananso mpweya. Isiyeni masiku awiri, ndiboole chitsulochi, nditsuke ladiyeta."

"Masiku awiri! Ine ndiziyenda pamsana panu?"

Vuu, wapita.

Posakhalitsa kanyali kofiira kanayamba kuyaka pafupi ndi chiwongolero, makamaka pokwera mtunda. Kanamusowetsa mtendere. Akati akayang'ane, nako kamuyang'ana. Tsiku lina akutsukitsa galimoto, panafika njonda ina yosadziwika, sipanala imodzi ili m'thumba lakumbuyo.

"Abwana, chilombochi n'chanu? Koma ndiye mumadziwa zinthu!"

Phuma anafufuma ngati finye. "N'changa. Koma kanyali aka kakundivuta."

"Aka? N'kabodza aka. Dizilo sapsa, abwana, dizilo amakonda moto."

Njonda inatulutsa tepi yakuda, n'kumata pakanyali paja. "Vuto latha."

Phuma anaigulira chakumwa, n'kumaitchula kuti dokotala. Inu mukuseka apo, si inu munabisa kalata ya kuchipatala pansi pa matiresi?

Galimoto inayamba kumwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe. M'mawa uliwonse ndowa ya kukhitchini kusowa.

"Abambo ake, galimoto yanuyi ndi ya dizilo kapena ya madzi?" anafunsa mkazi wake. "Pitani nayo kwa achimwene."

"Achimwene akowo ndi nsanje basi."

Mkati mwa injini mukayamba kugogoda, iye ankangokweza wailesi.

Tsono mwana wawo wachisamba, mtsikana, anaitanidwa ku mayeso olowera sukulu ya unamwino. Zaka ziwiri akudikira kalata imeneyo. Geti ankatseka 9 koloko, wochedwa adikire chaka chamawa. Mtsikana anadzuka m'mamawa, anasita diresi, kuti akwere minibasi ya 6 koloko.

"Mwana wanga pa minibasi, chilombo chili pakhomo? Anthu aziti chiyani? Khala pansi, tinyamuka 8. Theka la ola tafika."

"Ababa, chonde, ndiloleni ndingopita."

"Ndati khala!"

Anakhala, koma kukhala kwake! Pampando, pakhomo, pazenera, pampandonso. Cholembera anachitafuna mpaka kusweka.

Ananyamuka, utsi kumbuyo, wailesi pamwamba. Atafika pa mtunda waukulu, mtsikana anati, "Ababa, mukununkha ngati mphika wopserera."

"Ndi lole ili kutsogoloyo."

"Ababa, mapazi anga akutentha."

"Vula nsapato."

Anaponda mafuta kuti aipitirire lole ija. Phuu! Nthunzi galasi lonse. Galimoto inatsokomola kawiri n'kuti zii.

Phuma anatsegula boneti, anamasula chitsekero cha ladiyeta ndi mpango, madzi owira anatumphuka, iye n'kudumpha ngati waponda khala la moto. M'malo modikira kuti izizire, anatenga chigubu cha madzi ozizira, khuthu! Mkati munamveka kuti kha, ngati tambula yasweka.

Maminibasi ankadutsa odzaza okhaokha. Kondakitala wina anatulutsa mutu pazenera: "Madala, tiyi wapsa? Tithirireni kapu imodzi!"

Mtsikana nsapato anavuladi, n'kuliyatsa liwiro. Kutsogolo anapeza njinga yamoto ya kabaza, n'kukwera. Anafika 9 itadutsa ndi mphindi khumi. Mlonda analankhulira mkati mwa geti: "Pepani mayi, anzanu ayamba kale." Anagwada, analira, anaonetsa kalata. Geti silinatseguke.

Pikapu inabwera kunyumba pachingwe, ikukokedwa ndi kagalimoto kakang'ono ka mlamu wansanje uja. Makaniko anasuzumira mu injini, n'kupukusa mutu.

"Yang'aluka. Iyi yayenda pomaliza."

Analowa kutsogolo, anaona tepi ija, anaimatula, n'kutembenuza kiyi. Kanyali kaja psuu, kofiira ngati kale.

"Aka kanali kukuuzani tsiku ndi tsiku, alamu."

"Koma dokotala uja anati..."

"Dokotala wake uti? Galaja yake ili kuti? Dzina lake ndani?"



Mkazi wake anatambasula dzanja. "Achimwene, ndipatseni tepiyo." Anaiyang'ana, anayang'ana mwamuna wake. "Tepiyi ilibe mlandu. Anangoimata polakwika. Malo ake anali apa." Anaimata pamilomo pa Phuma, ndipo munthu wamkulu sanaichotse msanga.

Lero pikapu ili kuseri kwa nyumba, matayala ake aakulu omwe aja, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Phuma anaphunzira kukhala pansi, poti apita kuti? Mwana wake amangomupatsa moni wa m'mawa, basi. Akudikira chaka chamawa, ndipo wanena kale kuti adzakwera minibasi ya 5 koloko, bambo ake asanadzuke.

Phunziro: Chokuchenjeza usachitseke pakamwa, kaya ndi kanyali, kaya ndi mlamu, kaya ndi mwana wako yemwe. Wokuyamikira pamsewu sadzabwera ndi chingwe kudzakukoka. Tumizani kwa abale anu onse, muyambire uja amakweza wailesi galimoto ikamalira. Ngati simukumudziwa, ndiye kuti ndinu.