Pulagi ya Tsiku la Maliro

Mwini boti anaika pakauntala pa makaniko pulagi ya injini yakuda bii ndi mwaye. Bokosi la malemu mkulu wake linali kale m'boti, ndipo manda anali kutsidya.

Makaniko anawerenga nambala ya pulagiyo n'kupukusa mutu. "Zoterezi zatha, achimwene. Zatsala zazitali zokhazokha."

"Ndipatseni yomweyo. Anamfedwa akudikira padzuwa."

"Yaitali ikagunda pisitoni. Injini ikakuzimirani muli pakati pa madzi ndi maliro."

Mwini boti anangoti zyoli, misozi ili lengelenge.

Makaniko anatola sipanala n'kulowa kuseri, kumene kunali injini yakeyake yopitira kokawedza. Anabwerako akupukuta pulagi ndi malaya ake.

"Kamuikeni m'bale wathuyo. Ine lero sindipita kulikonse."